PHILO FARNSWORTH (1906–1971): MWANA WA MLIMI AMENE ANAPANGA DISO LA KANEMA

Usiku wa pa 12 February 2012 anthu a m'makomboni a Lusaka sanagone msanga. Ku Matero ndi ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George, ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, nyumba zimene zinali ndi wailesi ya kanema zinadzala ndi anansi, akulu pamipando, ana pansi, ena nasuzumira pazenera. Usiku umenewo anyamata a Zambia anali kusewera mpira ndi a Ivory Coast ku Libreville, m'dziko la Gabon, kufupi ndi nyanja imene inameza anzao m'ngozi ya ndege ya mu 1993. Pamene anapambana, mfuu inamveka mu mzinda wonse nthawi yomweyo, cinkana bwalo la mpiralo liri kutali, ulendo wa masiku ambiri.

Munthu wa kumudzi, wa ku Katete kapena ku Petauke, akafika kwa abale ace a ku komboni naona zotere, ayamikira bokosi limene liri m'nyumbamo. Koma bokosilo lingolemba zimene lauzidwa. Nchito yobvuta iri kutali, m'kamera, momwe muli diso losandutsa kuunika kukhala uthenga wa magetsi. Anthu ambiri anzeru anabvutika nalo diso limeneli, ndipo amene anayamba kuonetsa kanema woyenda ndi magetsi okha, wopanda gudumu lozungulira, anali mwana wa mlimi wosauka, wozolowera kutsata akavalo m'munda. Dzina lace ndiye Philo Farnsworth.

UBWANA WACE

Philo Taylor Farnsworth anabadwa pa 19 August 1906 m'kanyumba ka mitengo kufupi ndi mudzi wa Beaver, m'cigawo ca Utah, kumadzulo kwa dziko la America. Atate wace Lewis ndi amai wace Serena anali alimi, a mpingo wa Mormon, umene ziphunzitso zace zisiyana ndi za mipingo yambiri ya kuno. M'nyumba mwao munalibe magetsi. Kuunika kunali kwa nyali ya mafuta, ndipo ulendo unali wa pagareta. Philo ndiye anali mwana woyamba wa amai wace, cotero nchito za pakhomo zinamgwera akali wamng'ono.

M'caka ca 1918 banjalo linasamukira ku munda wa mbale wao kufupi ndi Rigby, m'cigawo ca Idaho. Pamundapo panali makina ang'ono opanga magetsi, amene anali kufa kawirikawiri. Mnyamatayo anayang'anitsitsa m'mene akulu anali kuwakonzera, ndipo posacedwa anali iye wowakonza. Nchito imene inamtopetsa koposa inali yopukusa ndi manja makina ocapira zobvala a amai wace. Tsono anatola injini yamagetsi yopserera imene ena anaitaya, nakulunganso waya wace, nailumikiza ku makinawo, ndipo kuyambira pomwepo zobvala zinacapidwa iye ali kuwerenga. Pakuti m'kacipinda ka pansi pa denga anapezamo mulu wa manyuzipepa akale a zamagetsi, amene munthu wina anawasiya, ndipo m'menemo ndimo anayamba kumva za anthu ofuna kutumiza zithunzi pa mphepo monga atumizira mau.

PHUNZIRO LA M'MUNDA

Kutumiza mau pa waya sikubvuta kwambiri, pakuti mau atsatana okha, liu limodzi pambuyo pa linzace. Koma cithunzi cifika m'diso conse pamodzi, mutu ndi mapazi, thambo ndi nthaka. Waya uli monga mlatho wa mtengo umodzi, umene anthu aolokapo mmodzi mmodzi. Cotero cithunzi ciyenera kugawidwa tizidutswa tambirimbiri, toolotsedwa motsatana, ndi kukonzedwanso kutsidya, kali konse pamalo pace. Ndiponso nchitoyo iyenera kucitika msanga kotero kuti diso la munthu lisazindikire. Ana akazunguza cikuni ca moto usiku, oona aona mkombero wathunthu, cinkana moto uli pa nsonga imodzi yokha. Diso lisunga kanthawi cimene laona. Kanema yense atsamira pa cibadwa ca diso cimeneci, cimene Mlengi anaciika.

Mu 1884 mnyamata wa ku Germany, Paul Nipkow, anaganiza za mbale yozungulira yoboola tiziboo, kuti kaboo kali konse kapitirize kuunika kwa gawo limodzi la cithunzi. Ambiri anatsata njira imeneyo. Mmodzi wa iwo anali John Logie Baird, mwana wa mbusa wa ku Helensburgh m'dziko la Scotland, kwao kwa David Livingstone, amene pa 26 January 1926 anaonetsa nkhope ya munthu pa makina otere ku London. Koma cithunzi cace cinali ca mizere 30 yokha, cosaoneka bwino. Philo, powerenga za mbale ya Nipkow zaka zingapo Baird asanacite zimenezi, anaona kale kuti gudumu la citsulo silingathamange liwiro lofunikalo. Anawerenganso za timbeu ta magetsi tating'ono koposa, tochedwa ma-elekitironi, timene tiribe kulemera kodziwika ndi dzanja, ndipo maginito atikhotetsa kumene munthu afuna.

Banja lace linasimba kuti tsiku lina m'caka ca 1921, ali ndi zaka 14, Philo anali kulima ndi akavalo. Pofika pa mapeto a munda anaceuka, naona mizere imene anadzera, yoongoka, yotsatana, kuyambira m'mbali kufikira m'mbali. Mlimi ali yense adziwa kuti munda sulimidwa ndi khasu limodzi logwa paliponse nthawi imodzi. Ulimidwa mzere ndi mzere, ndipo ukatha uoneka munda umodzi. Pomwepo mnyamatayo anazindikira kuti cithunzi cingawerengedwe comweco, mzere ndi mzere, ndi timbeu ta magetsi tija toongoleredwa ndi maginito. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Anthu osawerengeka anaceuka m'minda yao asanabadwe iye, koma iye anaceuka ali ndi funso limene analisunga mumtima miyezi yambiri.

MPHUNZITSI AMENE ANAMVERA

Pa sukulu ya Rigby panali mphunzitsi wa za mankhwala ndi zolengedwa dzina lace Justin Tolman. Iye anaona njala ya maphunziro imene mnyamatayo anali nayo, namlola kukhala pamodzi ndi a makalasi apamwamba, namphunzitsanso ena ataweruka. Kumayambiriro kwa 1922 Bambo Tolman analowa m'kalasi, napeza bolodi lonse lodzala ndi zojambula za mabotolo, mawaya ndi ziwerengero. Mphunzitsi wina akadamkalipira cifukwa ca kutha coko ca sukulu, namtuma kukafafaniza. Bambo Tolman anakhala pansi namvera, nafunsa mafunso, cinkana zina zinampitirira. Pambuyo pace Philo anajambula diso lace la magetsi pa pepala, nampatsa, ndipo mphunzitsiyo sanaiwale cimene anaonetsedwa tsiku limenelo.

Mu 1923 banjalo linasamukira ku Provo, m'Utah momwemo, ndipo mu January 1924 atate wace anamwalira ndi cibayo. Philo anayamba maphunziro pa sukulu yaikuru ya Brigham Young, koma ndalama zinasowa, ndipo amai wace amasiye ndi abale ace ang'ono anali kuyang'ana kwa iye. Anasiya sukulu nagwira maganyu, nakonza mawailesi a anthu. Nzeru ija inakhala mumtima mwace zaka zinai, yopanda wothandiza.

MZERE WOYAMBA

M'caka ca 1926 ku Salt Lake City anapeza nchito kwa amuna awiri, George Everson ndi Leslie Gorrell, osonkhetsa ndalama zothandizira osauka. Iwo atamva maganizo ace anazizwa, naikapo madola 6,000. Pa 27 May caka comweco anakwatira Elma Gardner, amene anthu anamucha Pem, ndipo awiriwo anapita ku Los Angeles, nasandutsa cipinda codyera kukhala mogwirira nchito. Masiku amenewo lamulo la America linaletsa mowa, ndipo anansi poona mabotolo ndi mipope zikulowa m'nyumba yotseka mazenera usana, anayesa kuti muli kuchezedwa kacasu. Apolisi anadza nafufuza, napeza mawaya okha okha.

Pambuyo pace eni banki ena a ku San Francisco anaonjeza madola 25,000, ndipo Philo anapatsidwa cipinda ca pamwamba pa nyumba ya nambala 202 mu mseu wa Green Street. Mutu umodzi susenza denga: mkazi wace anaphunzira kujambula mapulani a makina ndi kusunga mabuku a nchito, ndipo mlamu wace Cliff Gardner anaphunzira kuumba galasi pamoto, kufikira anatha kupanga mabotolo amene amisiri ena anati sangapangike. Pa 7 January 1927 Philo anapempha ku boma kalata yochedwa patent, yotsimikiza kuti nzeru yakuti mwini wace ndi uje, ndi kuti wofuna kuigwiritsa nchito ayenera kumlipira.

Pa 7 September 1927 anayesa makina ao. Anatenga galasi lopakidwa utoto wakuda, nakandapo mzere umodzi woongoka. Cliff anaima nalo patsogolo pa kamera m'cipinda cina, ndipo pa galasi la wolandira panaoneka kamzere kowala. Cliff atapendeketsa galasi lace, kamzere kaja kanapendekeka nako. Philo anali ndi zaka 21. Mu September 1928 anaonetsa makinawo kwa olemba nyuzi, ndipo mu 1929 anacotsa cinthu cotsiriza cozungulira cimene cinatsala, natumiza nkhope za anthu amoyo. Mwa zithunzi zoyambazo munali nkhope ya mkazi wace, ali citsinzinire cifukwa ca ukali wa nyali.

M'MENE DISOLO LINAGWIRIRA NCHITO

Diso la Farnsworth linali botolo lalitali la galasi, locotsedwa mpweya, ndipo iye analicha image dissector, ndiko kunena kuti cogawa cithunzi. Mandala a kamera anaponya cithunzi pa mbale ya m'katimo, yopakidwa mankhwala amene atulutsa timbeu ta magetsi akawalidwa. Powala kwambiri patuluka tambiri, pamdima patuluka towerengeka. Cotero m'botolomo munabadwa cithunzi caciwiri, ca magetsi, cosaoneka ndi maso. Maginito a waya wokulunga anayendetsa cithunzi cimeneci patsogolo pa kaboo kakang'ono, kucokera mbali ina kunka mbali ina, mzere ndi mzere. Zolowa pa kaboopo zinasanduka mtsinje wa magetsi, wosefuka powala ndi wophwa pamdima. Kwa wolandira, kamubvi ka magetsi kanathamanga pa galasi lopakidwa mankhwala onyezimira, nkulemba mizere yomweyo.

Koma diso lokha silinakwanire. Uthenga wotulukamo unali wofooka, woyenera kukuzidwa kambirimbiri popanda kuupotoza, ndipo Farnsworth anatha zaka kupanga mabotolo ocurukitsa timbeu tija. Kamubvi kanayenera kuyenda mofatsa polemba mzere ndi kubwerera mwadzidzidzi kukayamba wina, cotero anakonza mphamvu yokwera pang'ono pang'ono ndi kugwa kamodzi, yofanana ndi mano a sowo ikajambulidwa pa pepala. Ndipo koposa zonse, kamera ndi wolandira anayenera kutembenuka pamodzi, monga awiri olima mzere umodzi. Wina akatsogola pang'ono, munda upotoka. Cifukwa cace pa mapeto a mzere uli wonse panaikidwa cizindikiro, ndi cina pa mapeto a cithunzi conse. Amene anali ndi mawailesi a kanema akale m'makomboni akumbukila cithunzi cikugubuduka kucokera pamwamba kunka pansi, mwini nyumba ali kupotokola kabatani kumbuyo kwa bokosi. Pamenepo ndiye kuti cizindikiro cija casokera.

MLANDU NDI MALIRO

Ku New York kunali kampani yaikuru ya mawailesi yochedwa RCA, yotsogoleredwa ndi David Sarnoff, imene inazolowera kulandira malipiro a nzeru kwa ena, osati kulipira. Katswiri wao wa kanema anali Vladimir Zworykin, wobadwira ku Russia mu 1888, munthu wophunzira kwambiri, amene anapempha patent ya kanema wa magetsi mu 1923. Mu April 1930 Zworykin anaceza ku Green Street masiku atatu, ndipo Farnsworth anamuonetsa zonse mosabisa. Mu 1931 Sarnoff anafuna kugula nzeru zonsezo ndi madola 100,000, Farnsworth nakhale wanchito wace. Iye anakana, napita ku Philadelphia kukagwirizana ndi kampani ya Philco.

Kumeneko linamgwera tsoka lalikuru. Mu March 1932 mwana wao wamng'ono Kenneth anamwalira ndi nthenda ya pakhosi, pakuti mankhwala ociza nthenda zotere anali asanapezeke. Makolowo anafuna kukamuika kwao ku Utah, koma Farnsworth sanamasulidwe kunchito, ndipo amace anayenda okha ndi maliro pa sitima ya pamtunda, ulendo wa masiku. M'nyumba mwao munalowa kuzizira kumene kunatha nthawi yaitali. Caka cotsatira anacoka ku Philco, ndipo pa 25 August 1934 anaonetsa kanema wace kwa anthu wamba ku Franklin Institute mu mzinda womwewo, khamu nilidza kudzaona masiku khumi.

Nthawi yomweyo mlandu unali m'kati ku ofesi ya boma ya ma patent. A RCA anati nzeru ya diso la magetsi ndi ya Zworykin kuyambira 1923, ndipo anakayika kuti mwana wa sukulu wa kumunda akadatha kuganiza zotere. Tsono anthu a Farnsworth anafunafuna Bambo Tolman, nampeza, ndipo mphunzitsi uja anacitira umboni za bolodi la ku Rigby ndi za cojambula cija, zitapita zaka 12. Mu 1935 oweruza anagamula kuti Farnsworth ndiye woyamba pa mfundo imene inatsutsidwayo, makamaka cifukwa sipanaoneke umboni wakuti makina a Zworykin a 1923 anapanga cithunzi ca magetsi cotero. Mu September 1939 kampani ya RCA inabvomera kulipira madola 1,000,000 pa zaka zingapo, pamodzi ndi malipiro ena.

KUFOOKA KWA DISO LACE

Mbiri yoona siyenera kubisa kuti diso la Farnsworth linali ndi cirema. Linafuna kuunika koopsa, kotero kuti oima patsogolo pa kamera anatuluka thukuta ndi kutentha kwa nyali. Cifukwa cace ncakuti kaboo kaja kanalandira kuunika kwa malo amodzi pa kamphindi kamodzi, ndipo kuunika kwa malo ena onse kunatayika. Kunali monga mai wothamanga ndi cikho cimodzi kuzungulira nyumba pa mvula, kulandira dontho apa ndi dontho apo.

Diso limene Zworykin ndi anzace analikonza, lochedwa iconoscope, linatsata nzeru yosunga, imene Kálmán Tihanyi wa ku Hungary anailongosola mu 1926. Mbale yace inali ndi timadontho tambirimbiri, kali konse kosunga magetsi ace kufikira kamubvi katafika kudzawatenga. Uku kunali monga kundandika mitsuko pansi pa tsindwi lonse ndi kuikhuthula umodzi umodzi itadzala. Diso lotere linaona ndi kuunika kocepa, ndipo la mtundu umenewu, lochedwa Emitron, ndilo limene linapambana ku London pamene BBC inayamba kanema wa mizere 405 mu November 1936. Pambuyo pace, m'zaka za m'ma 1940, kunapangidwa diso lochedwa image orthicon, limene linaphatikiza zonse ziwiri: cithunzi ca magetsi ndi kucurukitsa timbeu monga kwa Farnsworth, ndi kusunga monga kwa Zworykin. Amuna amene analimbana pa mlandu anakomana m'botolo limodzi.

ZAKA ZA MDIMA

Patent ya m'America inali ndi moyo wa zaka 17 zokha, ndipo yaikuru ya Farnsworth inaperekedwa mu 1930. Pamene anayembekeza kukolola, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inabuka, ndipo mu 1942 boma linaimitsa kupanga mawailesi a kanema, mafakitale natembenukira ku zida za nkhondo. Mu 1947, pamene anthu anayamba kugula makanema mwaunyinji, patent ija inatha, ndipo ena anakolola m'munda umene iye anaswa mphanje.

Mtima wace unasweka zisanafike zimenezi. Kugwira nchito usiku ndi usana, milandu yosatha ndi imfa ya mwana zinamfoola, ndipo anafuna mpumulo m'botolo lina, losiyana ndi aja anaumba mlamu wace. Munthu amene apolisi anamfufuza pacabe za kacasu ali mnyamata anagwidwa ndi mowa ali mkulu, pamodzi ndi mankhwala ogonetsa. Anaonda, nagonekedwa m'cipatala, nakhala nthawi yaitali wosatha kugwira nchito. Anakabisala pa munda wace ku Brownfield, m'cigawo ca Maine, koma mu October 1947 moto wolusa wa m'nkhalango unatentha nyumba yace. Kampani imene inali ndi dzina lace ku Fort Wayne inagwa m'ngongole, nigulidwa ndi ena. M'zonsezi mkazi wace sanamsiye.

Mu 1957 anaitanidwa ku masewera a pa kanema, momwe anthu ochuka anayenera kulota kuti mlendo wosachulidwa dzina anacita ciani. Anamuyang'ana nkhope, namfunsa mafunso, nalephera. Mphotho yace inali madola 80 ndi bokosi la ndudu. Makamera amene anamjambula tsiku limenelo anali zidzukulu za diso lace.

MASIKU OTSIRIZA

Atapezako bwino anabwerera kunchito, nafunafuna njira yopezera magetsi ocuruka polumikiza timbeu ta zolengedwa monga zicitikira m'dzuwa. Anapanga makina ochedwa fusor, amene ophunzira awagwiritsabe nchito pofufuza, koma sanapereke magetsi amene iye anayembekeza, ndipo ndalama zace zinathera momwemo. Anadandaula kawirikawiri kuti kanema, amene anamuyesa sukulu ya mitundu yonse ndi cothetsa udani, anadzala ndi zopanda pace zotayitsa nthawi.

Pa 20 July 1969 iye ndi mkazi wace anakhala pansi m'nyumba mwao ku Utah, naona pa kanema Neil Armstrong alikuponda pa mwezi, pamodzi ndi anthu mamiliyoni mazana a maiko ambiri. Mai Farnsworth anasimba pambuyo pace kuti usiku umenewo mwamuna wao anabvomera kuti mabvuto ace onse sanapite pacabe. Anamwalira ndi cibayo pa 11 March 1971 ali ndi zaka 64, wosauka ndi woiwalika, naikidwa ku Provo. Mai Farnsworth anakhala kufikira 2006, namwalira ali ndi zaka 98, atatha ukalamba wao wonse kukumbutsa anthu za nchito ya mwamuna wao. Ana a sukulu a ku Utah ndiwo anapempha akulu a boma kuti amlemekeze, ndipo mu 1990 cifanizo cace cinaimikidwa m'nyumba ya malamulo ku Washington, nicikhala komweko zaka zoposa 30.

MIZERE IFIKA KUNO

M'dziko la Zambia wailesi ya mau ndiyo inatsogola. Mu 1949 kunafika kawailesi kochipa kooneka ngati poto, kochedwa Saucepan Special, ndipo m'midzi ndi m'makomboni anthu anamva Cinyanja ndi nyimbo za Alick Nkhata kucokera ku Lusaka. Kanema anayamba ku Kitwe mu 1961, nafika ku Lusaka dziko litalandira ufulu wace wa mu 1964. Cithunzi cace cinali ca mizere 625, cosinthika ka 25 pa sekondi imodzi. Mu 1969 Willard Boyle ndi George Smith a ku America anapeza njira yopangira diso pa kacidutswa ka mwala wa silikoni, ndipo mabotolo a galasi anayamba kutha. Lero diso lotere, laling'ono ngati njere ya mphodza, liri m'foni ya wogulitsa tomato pa msika wa Kanyama. Liri ndi mitsuko ija mamiliyoni, ndipo m'mafoni ambiri ikhuthulidwabe mzere ndi mzere, monga m'munda wa ku Rigby.

M'fanizo la matalente, pa Mateyu 25, kapolo ali yense afunsidwa za cimene anapatsidwa. Farnsworth sanakwirire talente yace, cinkana anabadwira kosauka ndipo sanatsirize sukulu. Koma talenteyo inapitirira m'manja a ena isanabale: makolo amene anamlola kukhudza makina a pamunda, mphunzitsi amene anakhala pansi kumvera mwana nadzaimanso kunena zoona pa mlandu, ndi mkazi amene anapirira. Ndiponso nzeru zace zonse sizinamchinjirize pa tsiku la cisoni, ndipo mowa umene anathawirako unamlanda zaka zimene moto ndi milandu zinamsiyira. Mpingo umene uona munthu wace alikumira cotero usayembekeze kufikira maliro.

M'midzi ya kum'mawa ndi m'makomboni a Lusaka muli ana ophwasula mawailesi akufa ndi kumanga tinyali ndi mabatire otayidwa, ndipo kawirikawiri malipiro ao ndi mkwapulo. Makolo, aphunzitsi ndi akulu a mpingo ayambe afunsa mwana wotere cimene alikufuna kupanga, namvere yankho lace kufikira atatha. Mulungu apatse ana amenewa aphunzitsi onga Justin Tolman.